ZA M'MAIKO ENA: Asilikali a Mahelikopita Athamangira Ndeke za Makampani

Awerengi athu ambiri aganiza kuti munthu wodziwa kuyendetsa ndeke ya mtundu umodzi angathe kuyendetsa ndeke iri yonse. Nkhani ya asilikali a ku America oyendetsa mahelikopita ionetsa kuti siziri conco ai.

Pa 12 February, 2009, ndeke ya kampani ya Colgan Air inagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ndi kupha anthu 50. Cifukwa ca ngoziyi, nyumba ya malamulo ya dzikolo inapanga lamulo latsopano mu 2010, ndipo kuyambira mu 2013 munthu wofuna kukhala waciwiri kwa kaputeni m'ndeke yonyamula anthu ayenera kukhala atauluka maola 1,500. Kale maola 250 anali okwanira. Koma wophunzitsidwa ku usilikali analoledwa kulowa nchitoyi ndi maola 750 cabe.

Lamulo lina likuti woyendetsa ndeke zotere apume pa nchito akafika zaka 65. Motero akuluakulu anali kucoka pamene acinyamata okwanitsa maola ofunikawo anali ocepa. Makampani monga Envoy Air ndi PSA Airlines anatembenukira kwa asilikali oyendetsa mahelikopita a Black Hawk, Apache ndi Chinook, nalonjeza kuwathandiza ndi ndalama za maphunziro.

Maphunzirowo ndi ofunika ndithu. Helikopita inyamuka pamalo pomwe yaima, itha kuima m'mwamba osasuntha, ndipo nthawi zambiri iuluka m'munsi. Ndeke ya mapiko ifuna bwalo lalitali, ndipo ikacepetsa liwiro mopitirira muyezo mapiko ake aleka kuinyamula. Izi ndizo zinacitikira ndeke ya ku Buffalo ija. Nchifukwa cake msilikali, angakhale waluso cotani, ayenera kuyamba wakwanitsa maola 250 akuyendetsa ndeke ya mapiko asanalandire ciphaso.

Pali cinanso cowawa. M'makampani a ndeke ukulu uwerengedwa kuyambira tsiku limene munthu analembedwa nchito. Mwamuna amene anapulumutsa anzake ovulala ku Iraq kapena ku Afghanistan ayambira pansi penipeni, ndipo ndiye womalizira kusankha masiku opuma ndi mzinda wokhalamo. Komabe ambiri anavomera, pofuna malipiro okula m'tsogolo ndi kukhazikika pamodzi ndi mabanja ao, popeza msilikali asamutsidwa kawirikawiri.

Akuluakulu a gulu la nkhondo anadandaula, ndipo dandaulo lao ndi lomveka. Ndalama zophunzitsira anthuwa zicokera ku misonkho ya anthu wamba, koma phindu la luso lao likapita ku makampani. Mu 2020 gululo linalamula kuti ophunzira atsopano azitumikira zaka 10 akatsiriza maphunziro ao, m'malo mwa zaka 6 za kale.

Ife tiona kuti boma liri ndi ufulu wofuna kuti ndalama zake zibwezedwe mwa utumiki. Koma lamulo lisunga munthu kufikira tsiku lolembedwa cabe. Makolo athu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Boma lofuna kuti akatswiri ake akhalebe zaka 10 zija zikatha liyenera kuyang'ana malipiro ao, nyumba zao ndi sukulu za ana ao nthawi ikalipo.