Chikondwerero cha mabuku chisathere m'maholo a ku City Centre



Mumzinda wa Lilongwe muli anthu amene akulimbika pa nkhani ya mabuku. Mlembi wodziwika, a Shadreck Chikoti, adayambitsa Story Club m'chaka cha 2013 kuti alembi ndi owerenga azikumana, ndipo mu 2019 kudachitika chikondwerero cha zaluso ndi mabuku chotchedwa Feminart. Cholinga chimodzi cha zikondwerero zotere n'chakuti chidwi chowerenga ndi kulemba chifike kwa anthu wamba. Ntchitoyi ndi yotamandika. Funso langa n'lakuti: anthu wambawo ndi ati?

Msonkhano wa mabuku ukachitikira m'holo ya hotela ku City Centre, kapena pakapinga wometedwa bwino ku Area 10 kapena Area 43, zokamba zonse zili m'Chingerezi, amene amafikako ndi omwe kunyumba kwawo kuli kale mabuku. Kumeneko n'kuthirira mbewu ya kudimba pamene ya kumtunda ikufota.

Lachisanu lina titamaliza swala ya Ijumaa ku Old Town, mnyamata wina wogulitsa usipa, wochokera kwathu kunyanja, adandikokera pambali n'kundipatsa pepala kuti ndimuwerengere. Lidali pangano la ngongole ya katapira, ndipo iye adali atadindapo kale chala. Mnyamatayu amawerenga Qur'an mokoma kwambiri, moti akamatsogolera swala mitima imafewa. Koma chiwongoladzanja chimene chidalembedwa pa pepalalo m'Chichewa sadathe kuchiwerenga. Adalowa mu riba, chinthu chimene iye mwini amadziwa kuti n'choletsedwa, chifukwa cha mizere itatu yokha. Ameneyo ndiye munthu amene chikondwerero cha mabuku chiyenera kumufunafuna.

Tisanamizidwe kuti mtundu wathu udadana ndi cholembera. Jumbe wa ku Nkhotakota ndi mafumu a Chiyao monga Makanjira ankalemba makalata m'Chiswahili ndi zilembo za Chiarabu. Sukulu za mishoni zitafika, makolo ambiri adakana kutumizako ana poopa kuti akawasiyitsa Chisilamu. Manthawo adali ndi maziko, koma zotsatira zake tikuzisenzabe mpaka lero, ngakhale sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu 1994. Buku la mbiri ya Ayao lotchedwa Chiikala cha Wayao lidatuluka mu 1919, ndipo adalemba ndi Yohanna Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican. Timuthokoze. Koma papita zaka zoposa 100. Kodi ana a m'madrasa athu alembapo mabuku angati onena za nyanja, za usodzi ndi za masheikh amene adatiphunzitsa?

Chipembedzo chathu sichitipatsa pothawira. Chivumbulutso choyamba chidali lamulo lakuwerenga, ndipo m'Qur'an muli sura yotchedwa dzina la cholembera. Itatha nkhondo ya Badr m'chaka cha 624, Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adalola kuti mkaidi wopanda dipo adziwombole pophunzitsa ana khumi a ku Madina kulemba. Aphunzitsiwo sadali Asilamu. Nanga ife tingakane bwanji wolemba mabuku amene wabwera pakhomo pathu?

Kwa okonza zikondwererozi pempho langa ndi ili. Tsikirani ku Old Town, pafupi ndi msika ndi pokwerera mabasi, pomwe anthu a kunyanja amafikira. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima ndi makilomita pafupifupi 100 okha. Tsiku limodzi la chikondwerero lingachitikire kumeneko. Bwerani ndi mabuku a m'Chichewa ndi m'Chiyao, monga a Willie Zingani ndi a John Gwengwe amene ife tidakula nawo. Gwirizanani ndi a National Library Service, amene likulu lawo lili ku City Centre komweko, kuti mukamachoka muzisiya bokosi la mabuku m'manja mwa munthu wodalirika. Ndipo mudzabwerenso, pakuti ulendo wa tsiku limodzi umasiya zithunzi pa Facebook, osati owerenga.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi anzanga a madrasa, mutu umodzi susenza denga. Alendowo akabwera, atsegulireni bwalo la mzikiti. Pa mlungu patulani theka la ola kuti ana awerenge nkhani ya m'Chichewa mokweza, n'kufotokoza zimene amva. Ikatha swala ya Maghrib, mwana alembe m'kope nthano imene agogo ake akusimba. Mwana wamkazi asatsalire kukhitchini pamene mlongo wake akuwerenga, pakuti iyenso adzagwira kalata ya kuchipatala ndi pangano la malonda. Amene Allah wawadalitsa ndi chuma akumbukire kuti buku loperekedwa ku madrasa ndi sadaka yosatha.

Mnyamata wa usipa uja akubwezabe ngongole yake. Tsopano amabwera madzulo awiri pa mlungu ndi kope m'manja. Allah atipatse nzeru zopindulitsa, ife ndi ana athu.