Chikomekome cha Mkuyu pa Msika wa Zakale Zankhondo

Nkhuyu ikapsa imafiira mokopa maso, koma woitola mwaphuma osaing'amba amatafunira limodzi ndi tizilombo. N'chifukwa chake makolo adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwambiwu kawirikawiri amauza mnyamata amene watengeka ndi nkhope ya mbeta, koma ukukwananso bwino pa msika wina umene adzukulu ambiri sadaumvepo. Ndi msika wa zinthu zakale zankhondo, kumene anthu achuma a ku Ulaya ndi ku Amereka amalimbirana mamendulo, zisoti, malupanga, mayunifomu ndi makalata a asilikali amene adagona kalekale.

Pa msika umenewu chitsulo chili ndi mtengo wochepa zedi. Victoria Cross, mendulo yolemekezeka koposa ya asilikali a Britain kuyambira 1856, ndi kamtanda ka mkuwa kamene wosula angakayese kopanda pake, komabe ikafika pa okushoni imadya mapaundi zikwi mazanamazana. Mu November 2023, mumzinda wa Fontainebleau ku France, chipewa cha Napoleon chidagulidwa ndi ndalama za euro zokwana 1.9 miliyoni, pamene ogulitsa ankayembekeza pakati pa 600,000 ndi 800,000. Chipewacho n'chakuda, chaubweya, chakale. Ndalama zonsezo zidalipirira mutu umene udachivala. Tsono ngati chokweza mtengo ndi mbiri ya chinthu, wachinyengo sasowa kuvutika ndi moto ndi nyundo. Amangosula mbiriyo.

Palibe amene adalizindikira bwino phunziroli kuposa Konrad Kujau, mwamuna wobadwa mu 1938 amene adathawa ku East Germany ali mnyamata n'kudzatsegula sitolo ya zinthu zakale zankhondo mumzinda wa Stuttgart. Katundu wake wambiri ankamulowetsa mozembetsa kuchokera kwawo kummawa, ndipo wina mwa katunduyo adali weniweni. Luso lake lidali pa kapepala. Adatenga chisoti chenicheni cha nkhondo yoyamba ya padziko lonse, chimene mtengo wake udali wongokwana chakudya cha masana, n'kuchilembera kalata yonena kuti Adolf Hitler adachivala ku Ypres mu October 1914. Chisoti sichidasinthe ngakhale pang'ono, koma mtengo wake udakwera kutali. Ataona kuti nsomba zikudya nyambo, adayamba kujambula zithunzi ndi kulemba ndakatulo m'dzina la Hitler, ndipo zina mwa zolembazo zidalowa m'buku la akatswiri a mbiri yakale limene lidatuluka mu 1980.

Kenaka adachita chimene chidamutchukitsa. Adagula makope wamba a chikuto chakuda, nayamba kulembamo zochitika za tsiku ndi tsiku ngati kuti wolemba ndi Hitler mwini wake. Mapepala adawathira tiyi kuti aoneke okalamba, ndipo makopewo ankawamenyetsa pa tebulo kuti aperepeseke m'mbali. Pachikuto cha loyamba adamatapo zilembo ziwiri za kalembedwe kakale ka Chijeremani, koma adasokoneza: m'malo mwa AH adamata FH. Nkhani yoperekeza makopewo idali yokoma kumva. Mu April 1945 ndege ina yonyamula katundu wa kulikulu la Hitler idagwadi pafupi ndi mudzi wa Börnersdorf, kufupi ndi Dresden. Ngoziyo idachitikadi, manda a oyendetsa ndegeyo adalipo, ndipo bodza lidangokwera pamsana pa choonadicho: makopewo akuti adapulumuka m'ndegemo, ndipo mkulu wina wa asilikali a East Germany ndiye ankawatulutsa mwachinsinsi.

Amene adameza nyamboyi adali Gerd Heidemann, mtolankhani wa magazini ya Stern ya ku Hamburg. Munthuyu adali kale kapolo wa zinthu za chipani cha Nazi. Mu 1973 adagula boti limene kale lidali la Hermann Göring, ndipo botilo lidamumiza m'ngongole. Pakati pa 1981 ndi 1983 eni ake a Stern adatulutsa ndalama za mark zokwana 9.3 miliyoni kugula makope pafupifupi 60. Apa mpamene nkhaniyi imafika pochititsa manyazi anthu ophunzira. Akatswiri atatu a kalembedwe ka pamanja adapatsidwa masamba ochepa kuti awayerekeze ndi zolemba zina za Hitler, ndipo adavomereza kuti dzanja ndi limodzi. Sadaname, pakuti zina mwa zolemba zoyerekezerazo adazilembanso ndi Kujau yemweyo. Mbala idaitanidwa kudzachitira umboni mbala inzake, ndipo mbala ziwirizo zidali munthu mmodzi.

Hugh Trevor-Roper, katswiri wa ku Britain amene adalemba buku lotchuka la masiku otsiriza a Hitler, adaona makopewo m'chipinda cha banki ku Switzerland, ndipo pa 23 April 1983 adalemba mu nyuzipepala ya The Times kuti ndi enieni. Chidamugonjetsa kwambiri chidali kuchuluka kwake, poganiza kuti palibe wachinyengo angadzivutitse kulemba makope ochuluka chotero pamene limodzi likadakwana. Pofika pa msonkhano wa atolankhani wa pa 25 April adali atayamba kale kukayika, koma madzi adali atatayika. Pa 6 May, pasadathe masabata awiri, akuluakulu a nyumba yosungira zolemba za boma la West Germany adalengeza kuti zonse n'zabodza. Mapepala adali ndi mankhwala oyeretsa amene adayamba kugwiritsidwa ntchito nkhondo itatha. Ulusi womangira udali ndi polyester. Inki idali yatsopano. Zambiri za m'katimo zidakoperedwa m'buku la Max Domarus la zolankhula za Hitler, pamodzi ndi zolakwika za m'bukulo, monga momwe mwana wokopera mayeso amakoperera ndi zophonya za mnzake. Mu 1985 khoti lidalamula Kujau kukhala m'ndende zaka zinayi ndi theka, ndipo Heidemann, amene adapezeka kuti adabisa gawo la ndalamazo, zaka zinayi ndi miyezi isanu ndi itatu.

Chodabwitsa n'chakuti kupima kwa asayansi kumene kudaulula zonsezi kudatenga masiku ochepa chabe, ndipo kukadatheka kuchitika mokwanira ndalama yoyamba isadatuluke. Safunsa adadya phula. Koma pano ogulawo sadasowe wofunsa, adaopa yankho. Adaopanso kuti akachedwa kapena kuonetsa makopewo kwa anthu ambiri, opikisana nawo adzawalanda nkhaniyo. Ndipo munthu akalipira miliyoni yoyamba, mtima wake umayamba kugwira ntchito ya loya wa wogulitsa, popeza kuvomereza kuti kope lakhumi n'labodza ndi kuvomerezanso kuti asanu ndi anayi oyamba adali abodza. Choncho mlandu wa Kujau ndi woonekeratu, koma wa ogula suchepa. Wachinyengo amapanga chimene anthu akulira, ndipo pamene pali anthu olakalaka kugwira chimene chidagwidwa ndi munthu amene adaphetsa Ayuda 6 miliyoni, opanga sadzasowa. Chilakolako chimenecho pachokha n'chofunika kuchifunsa mafunso.

Okushoni imawonjezera nkhuni pamoto womwewu. Mlimi amene adatumizapo mabelo a fodya ku Kanengo kapena ku Limbe amadziwa kuti wogula fodya amatsegula belo, amasolola masamba a pakati, amawanunkhiza, ndipo ali ndi malire a mtengo chifukwa akudziwa kumene akagulitse. Wogula lupanga la kazembe wankhondo alibe malire otere. Akugulira mtima wake, pamaso pa anthu, mnzake wopikisana naye akukweza dzanja, wotsogolera malonda akuwerenga mofulumira. Mu 1971 akatswiri atatu a kampani ina ya mafuta ku Amereka adalemba za chimene adachitcha tsoka la wopambana. Adaona kuti anthu ambiri akamapikisana pa chinthu chimene mtengo wake weniweni sukudziwika, ena amachiyesa chotsika, ena chokwera, ndipo amene amachitenga ndi uja amene wachikweza kuposa onse. Kupambana kwake ndi chizindikiro chakuti aliyense m'chipindamo adaona kuti mtengo wapyola. Pamwamba pa mtengowo nyumba ya malonda imawonjezera gawo lake, limene nthawi zambiri limafika limodzi mwa magawo asanu kapena anayi, ndipo wogula wotentha mutu amalikumbukira nyundo itagunda kale.

Mawu a m'mabuku olengeza katundu amafunanso kudekha kwa woona maso a nkhono. Kulemba kuti lupanga lidali la wakutiwakuti n'kosiyana ndi kulemba kuti akuti lidali lake, kapena kuti banja limakhulupirira choncho. Mawu achiwiriwo amamasula wogulitsa n'kusiya mtolo pamutu pa wogula. Mu 2017 telefoni yofiira imene idalengezedwa kuti idali ya Hitler idagulidwa ku Amereka ndi madola 243,000, ndipo pasadapite masiku ambiri akatswiri ena a mbiri ya matelefoni ku Germany adaikayikira poyera. Ogulitsa adaumirira kuti ndi yeniyeni. Mkangano wotere ukabuka, ndalama zimakhala zitapita kale.

Wina anganene kuti izi ndi za azungu olemera, zilibe kanthu ndi mdzukulu wa ku Ntcheu kapena ku Nkhata Bay. Zili nako. Dziko la Nyasaland lidapereka asilikali ambiri ku gulu la King's African Rifles, limene makolo ankalitcha Keyala. Adamenya nkhondo ku Karonga mu September 1914, adathamangitsana ndi asilikali a Jeremani m'nkhalango za kummawa kwa Afirika mpaka 1918 m'nkhondo imene anthu adaitcha ya Chiwaya, ndipo m'nkhondo yachiwiri adafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Chipilala cha ku Zomba chidamangidwa pokumbukira amene adafa, ndipo gule wa malipenga adatengera perete wawo. Mamendulo awo nawonso amagulidwa ndi kugulitsidwa pa misika ya ku London. Ena akadali m'masutukesi achitsulo kumidzi, pansi pa nsalu za agogo aakazi.

Mamendulo a Britain a nkhondo yoyamba adalembedwa nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali, m'mphepete kapena kumbuyo. Ndicho chifukwa chake achinyengo amapala dzina la msilikali wosadziwika n'kudindapo la wina amene adafera pa nkhondo yotchuka, ndipo odziwa amapima mphepetemo kuti aone ngati mwapyapyala, nayerekeza zilembo ndi za mamendulo ena a gulu lomwelo. Mayinawo angathe kutsimikizidwa m'kaundula wa mamendulo amene amasungidwa ku National Archives ku Kew. Koma nyenyezi za nkhondo yachiwiri, monga Africa Star ndi Burma Star, boma la Britain lidazipereka zopanda dzina. Nyenyezi yotere ikasiyana ndi mwini wake imasanduka kachitsulo kofanana ndi zikwi zinzake, ndipo aliyense angaipachikire nkhani imene wafuna.

Apa mpamene banja la kumudzi lili ndi chuma chimene eni ake a Stern adachisowa ndi mamiliyoni awo onse. Likudziwa amene adavala menduloyo, mudzi wake, mfumu yake, chaka chimene adabwerera, ndi bala limene ankaonetsa ana pamwendo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komabe chuma chimenechi chili m'mitu ya okalamba, ndipo maliro alionse amachichepetsa. Munthu wongodutsa akabwera ndi ndalama zochepa kudzagula tizitsulo ta agogo, amatenga chitsulo n'kusiya mbiri, ndipo zonse ziwiri zimafa: mendulo imakafika kutali yopanda mwini, nkhani imatsala kumudzi yopanda umboni. Nthawi zina mendulo yomweyo imakapatsidwa mwini watsopano amene sadapondepo ku Burma.

Mdzukulu wodziwa kulemba angachite zambiri madzulo amodzi. Angakhale pansi ndi agogo amene atsala, n'kulemba dzina lonse la msilikaliyo monga lidalembedwera ku usilikali, pakuti ambiri adalembetsa mayina osiyana ndi a kumudzi. Angalembe nambala yake, gulu lake ndi malo amene ankawatchula. Angasunge pamodzi mamendulo onse, kabuku kotulukira usilikali ngati kalipo, ndi chithunzi chilichonse, osagawana imodziimodzi pakati pa ana monga amagawanira mbale ndi mipando, popeza mamendulo a munthu mmodzi amachitirana umboni akakhala pamodzi. Asawakweche ndi phulusa kapena mchenga kuti awale, chifukwa kukwechako kumafafaniza zilembo zimene zili umboni wake. Nsalu yake ngakhale itasuluka isatayidwe.

Kujau atatuluka m'ndende adatsegula malo ogulitsira zithunzi zotsanzira akatswiri otchuka, atasainapo dzina lake poyera, ndipo anthu ankazigula chifukwa cha dzinalo. Adamwalira mu 2000. Patapita zaka zingapo apolisi a ku Germany adapeza zithunzi mazanamazana zogulitsidwa ngati zotsanzira za Kujau, zimene Kujau sadazigwirepo n'komwe. Makope ake aja, mu 2023, adaperekedwa ku nyumba yosungira zolemba za boma la Germany, yomwe ija idawaulula zaka 40 m'mbuyomo.