Ndalama za Cimanga Zisathele pa Cibokosi ca Phokoso

Nyengo yogulitsa cimanga ikakwana, alimi ena a m'boma la Chongwe amakwela basi pa mseu wa Great East kupita ku Kamwala, mu Lusaka, kukagula ampulifaya yokuzila mau a nyimbo ndi mafilimu panyumba. Kusangalala pambuyo pa nchito si colakwa ai. Colakwa ndico kukhulupilila manambala aakulu olembedwa pa katoni.

Mawati olembedwa kuti PMPO ndi nyambo cabe. Mphamvu yeniyeni ndi ija yolembedwa kuti RMS. Mlimi wanzelu ayenela kuyang'ananso kumbuyo kwa masipika ake. Sipika ya maohmu 4 ikalumikizidwa ku ampulifaya yofuna maohmu 8, cipangizoco cimatentha, ndipo cikhoza kupsa.

Nkhani ina ndi ya magetsi. Cilala ca mu 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba, magetsi nayamba kuzima maola ambili patsiku. Motelo banja lodalila sola ndi batile ya mavolti 12 lisankhe ampulifaya ya Class D, imene simadya moto wambili.

Thukuta la caka cathunthu lisapse usiku umodzi. Wogula ayambe wafunsa ndi kumvetsela m'sitolo momwemo asanamasule cikwama.