KUDZIWA MATENDA SI KUCIRA

M'caka ca 2024 cilala cinaphwetsa madzi ku Kariba, ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanitsa. Magetsi akabwerera mwadzidzidzi ndi mphamvu yopitirira muyeso, amaocha mafiriji, mawailesi ndi ma TV. Kwa mai wa ku Kapata amene adyetsa banja lace pogulitsa maheu ozizira, firiji ikafa ndiye kuti ndalama za sukulu zafera pomwepo.

Masiku ano makampani monga LG ndi Samsung akupanga makina odzipima okha. Makina ena a LG amaliza timau timene foni imamva, ndipo pulogalamu ya pa foniyo imachula pamene pali bvuto. Ici ncitukuko cabwino, pakuti munthu sabvutikanso kunyamula firiji pa wilibala asanadziwe cimene caonongeka.

Zobvuta zing'onozing'ono mwini angathe kukonza yekha atazula pulagi: kusintha fyuzi, kupukuta fumbi kumbuyo kwa firiji, ndi kuona ngati mphira wa citseko ukugwira. Koma kompuresa, gasi ndi mawaya a m'kati ndi nchito ya ophunzira. Safunsa anadya phula.

Komabe kudziwa matenda si kucira. Foni ikanena kuti kacitsulo kakuti kapsa, kodi katsopano kapezeka kuti? Ngati ndi ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 500, kapena ku Johannesburg, mwini adzadikira nthawi yaitali, mwinanso kutaya makina amene akanatumikira zaka zambiri. Amisiri a ku msika wa Kapata ali nalo luso; cimene ciwasowa ndi masipeya ndi mabuku olongosola makinawo.

Mu 2024 bungwe la European Union linakhazikitsa lamulo lakuti opanga mafiriji ndi makina ocapira azikonza katundu wao ngakhale nthawi ya garanti itatha, ndiponso azigulitsa masipeya pa mtengo woyenera. Zambia isatsalire m'mbuyo.

Motero Boma liyenera kulamula kuti aliyense woitanitsa makina kunja abweretsenso masipeya ndi mabuku ace. Bungwe la TEVETA pamodzi ndi Chipata Trades Training Institute aphunzitse anyamata ndi atsikana kuwerenga zimene makina atsopanowa anena. Firiji yokonzedwa ku Kapata isunga ndalama za dziko ndi kupatsa mwana wa m'Chipata nchito.