Msonkho Ukamangiliwa pa Wamng'ono, Wamkulu Amangodula Cingwe

Lelo tikambe za msonkho. Nkhani yake inacitikila ku America, koma musapitilile msanga, cifukwa amene anapwetekeka mu nkhani iyi anali kugwila nchito imene ana anu ambili ayamba kale pa foni.

Ngwang'wazi mumudziwa. Basi si yake, mafuta sagula, ndalama ya ulendo salandila ndiye. Nchito yake ni kuitana anthu, basi ikadzala apatsidwa kangacepe. Pa intaneti palinso anthu otele, acita ati ma affiliate. Munthu alemba pa peji yake kuti mpoto uyu ni wolimba, foni iyi isunga moto, ndiye aika linki yopita ku shopu ya kampani. Imwe mukadina pa linki ija na kugula, kampani imupatsa komishoni. Katundu sanaugwile, ndalama yanu sanaione. Amazon inayamba kulipila anthu mwa njila iyi mu 1996, ndipo ambili anayamba kudyela mwamene umo: ena kuwonjezela pa malipilo, ena mpaka kutsegula ofesi na kulemba anchito.

Manje msonkho ubwela bwanji? Ku America kulibe VAT ya dziko lonse monga 16 pelesenti yathu. Dziko lija lili na zigawo 50, acita ati ma state, ndipo cigawo ciliconse cili na boma yake na malamulo ake. Pa zigawo izi, 45 ziika msonkho pa malonda. Wogulitsa amauwonjezela pa mtengo pamene mulipila, ndiye amaupeleka ku boma ya cigawo cija.

Vuto inayamba mu 1992. Khoti yaikulu ya America inaweluza mlandu wa kampani ya Quill, imene inali kugulitsa zinthu za mu ofesi kupyolela mu mabuku a malonda na positi, na cigawo ca North Dakota. Khoti inakamba kuti cigawo sicingakakamize wogulitsa kutolela msonkho ngati alibe phazi mu cigawo cimeneco: shopu, ofesi, nyumba yosungilamo katundu olo anchito. Wogula ndiye anayenela kupeleka msonkho yekha, koma ni ocepa amene anali kucita zimenezo. Malonda a pa intaneti atakula, mwini shopu mu tauni anali kuwonjezela msonkho, pamene wa pa intaneti agulitsa cinthu cimodzimodzi popanda msonkho. Kasitomala abwela mu shopu, aona katundu, aufunsa mtengo, apita kukagula pa kompyuta.

Apa tikambe zoona. Eni mashopu aja anali na mlandu wabwino. Imwe amene mulipila levi tsiku na tsiku pamene wina agulitsa tomato imodzimodzi pa geti popanda kulipila kalikonse, kuŵaŵa kwake mukudziwa. Kufuna kuti kampani ikulu izitolela msonkho monga anzake sikunali kulakwa. Colakwika cinali pamene anamangilila cingwe.

Mu 2008 cigawo ca New York cinaika lamulo yatsopano. Ati, ngati kampani ili na ma affiliate okhala mu New York, ndipo malonda obwela kupyolela mwa iwo apitilila madola 10,000 pa caka, ndiye kuti ma affiliate aja ndiwo phazi ya kampani. Kukamba mwacidule, ngwang'wazi anamusandutsa siteshoni. Amazon inapita ku khoti, koma pakuti New York ni msika ukulu maningi, inayamba kutolela msonkho mlandu uli mkati. Overstock, kampani ina ya pa intaneti, inasankha njila yacidule: inacotsa ma affiliate ake a mu New York.

Zigawo zina zitaona, zinakopela lamulo ija, ndipo apa Amazon nayo inatenga mpeni. Mu 2009 inadula ma affiliate a ku North Carolina na Rhode Island. Mu 2010 inadula a ku Colorado, olo kuti lamulo ya kumeneko inali yosiyana: inali kufuna cabe kuti kampani iziuza ogula na boma za msonkho umene sunalipilidwe. Mu 2011 inadula a ku Illinois, Arkansas, Connecticut na California. Munthu agona ali na bizinesi, m'mawa apeza uthenga ati mgwilizano watha. Sanabe, sanazembe msonkho. Mlandu wake unali adilesi yake cabe.

Manje ganizilani zimene zinatsala. Lamulo ikamba kuti phazi ya kampani ni affiliate. Kampani yacotsa affiliate. Phazi kulibe. Kampani ipitiliza kugulitsa kwa anthu amodzimodzi popanda kutolela msonkho. Mwini shopu mu tauni akali kulila monga kale. Boma siinapeze cimene inali kufuna. Amene anataya ni wamng'ono yekha.

Amene anali na mphamvu anathawa. Ku Illinois, bwanamkubwa Pat Quinn atasaina lamulo mu March 2011, kampani ya FatWallet inacoka mu tauni ya Rockton na kusamukila ku Beloit mu cigawo ca Wisconsin, kungowoloka malile. CouponCabin inacoka mu Chicago kupita ku Whiting, mu Indiana. Nanga mai wolemba za maphikidwe ali pa nyumba na ana? Angasamuke kupita kuti cifukwa ca komishoni? Mu October 2013 khoti yaikulu ya Illinois inagwetsa lamulo ija, ati itsutsana na lamulo ya dziko lonse yoletsa kusala malonda a pa intaneti. Koma apo zaka ziwili na hafu zinali zitapita. Khoti imabweza lamulo, siibweza lendi ya miyezi imene munagona na nkongole.

Ku California zinayenda mosiyana, ndipo pali phunzilo. Amazon inadula ma affiliate mu June 2011. Mu September caka cimeneco boma na kampani anakhala pansi, anagwilizana kuti kampani ipatsidwe caka cimodzi, ndipo inayamba kutolela msonkho mu September 2012. Ma affiliate anaitanidwa kubwelela. Ndiye kuti kampani inali kukwanitsa kutolela kucokela kudala. Ana ang'ono aja anali cabe cishango pa ndeu ya akulu-akulu. Pofika April 2017, Amazon inali kutolela msonkho pa katundu wake mu zigawo zonse 45.

Cingwe cinamasuka pa 21 June 2018, pa mlandu wa cigawo ca South Dakota na kampani ya Wayfair. Oweluza 5 pa 9 anacotsa ciweluzo ca 1992. South Dakota siinafunse kuti affiliate wako akhala kuti. Inafunsa kuti, wagulitsa zingati kwa anthu athu? Ukapitilila madola 100,000 pa caka, olo wagulitsa maulendo 200, tolela msonkho. Kucoka apo, kucotsa affiliate kunaleka kuthandiza kampani ikulu, cifukwa makasitomala sungawacotse. Zigawo zinaikanso malamulo akuti misika ikulu ya pa intaneti monga Amazon, eBay na Etsy izitolela msonkho m'malo mwa ogulitsa ang'ono amene agulitsila mmenemo. Affiliate yekha satolela msonkho wa malonda, pakuti sagulitsa kanthu. Wake ni msonkho wa pa ndalama imene wapeza, monga aliyense.

Olo lamulo yatsopano inali na minga. Maulendo 200 ni ocepa kwa wogulitsa tuzinthu tung'ono: munthu wa mikanda olo masokosi afika pa 200 ndalama ikali yocepa. South Dakota yeniyeniyo inacotsa mbali iyi mu 2023, na kusiya ya ndalama yokha. Boma imene imvela imakonza.

Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Kuno kwathu malonda asamukila kale pa foni. Mtsikana aika zithunzi za salaula ya amai ake pa WhatsApp. Mnyamata aika nsapato za shopu ya wina pa Facebook, zikagulidwa apatsidwa kake. Sadziitana ma affiliate, koma nchito ni imodzi. Misonkho nayo ilondola foni: kuyambila January 2024 pali levi pa ndalama zotumizilana pa mobile money, ndipo amene alipila ni wotumiza. Palibe boma pa calo imene idzasiya malonda a pa intaneti opanda msonkho, ndipo ise sitikamba kuti asiyidwe. Zipatala, misewu na madzi mu maliketi zifuna ndalama. Cimene tikamba n'cakuti msonkho uliwonse watsopano uyankhe mafunso atatu usanayambe.

Loyamba: ndani angathawe, ndani sangathawe? Ngati wamkulu angapulumuke pongocotsa wamng'ono, adzamucotsa, musakaikile.

Laciwili: malile ali pati? Msonkho uyambile pa kukula kwa ndalama imene munthu wagulitsa, osati pa kuculuka kwa tumaulendo. Wogulitsa kapenta na kambale agulitsa kambili pa tsiku kuposa wogulitsa mamotoka, koma ndani ali na ndalama?

Lacitatu: ndani adzanyamula mapepala? Ngati pali kampani ikulu pakati, imene ili na makompyuta na ma accountant, itolele ndiyo. Mai amene acoka pa nyumba 04 koloko kupita kukaoda ndiwo alibe nthawi ya kudzaza mafomu.

Mafunso aya musawasiye pa peji ino. Caka ciliconse, bajeti isanawelengedwe ku Paliyamenti, Unduna wa Zacuma umaitana anthu kupeleka maganizo. Makampani akulu amalemba, amatumiza na maloya. Komiti ya maliketi yanu inalembapo? Funsani a ceyamani. Funsani a khansala na a MP anu akabwela kudzagwilana canza. Ku America ma affiliate ena anadziwa kuti lamulo iwakhudza pa tsiku imene uthenga wowacotsa unafika. Imwe funsani lamulo ikali pa tebulo.