Ndinamuona Jagari ndi maso anga

Pali nyimbo zimene munthu ukhoza kuzimva kukoma uli gone pamphasa, wailesi ili pambali. Nyimbo za rock si za mtundu umenewo. Zinapangidwira holo yodzaza ndi anthu, momwe ng'oma imayamba kukugunda pachifuwa khutu lisanaimve. Chimbale chimasunga mawu okha, koma thukuta, mpweya wa anthu ndi kunjenjemera kwa pansi zimatsala kumene nyimboyo inaimbidwira.

Gulu langa lapamtima ndi WITCH la ku Zambia. Linabadwira ku Kitwe, kumigodi ya mkuwa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anyamata ake anakula akumvera Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi James Brown, ndipo anatenga gitala wosasa mawu wa azunguwo n'kumukhazika pa ng'oma zakwawo. Woimba wawo, Emmanuel Chanda, anthu anam'patsa dzina loti Jagari poona mmene ankadzipotokolera pansanja ngati Mick Jagger. Nthawi imeneyo Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pawailesi ya boma zikhale za m'dzikomo, ndipo magulu anaphuka: Ngozi Family ya Paul Ngozi, Amanaz, Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Nyimbo zimenezi ndi zomwe lero zimatchedwa Zamrock. Kuno kwathu ku Malawi zaka zomwezo mnyamata wosunga tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza, choncho musadabwe kuti ife tinalibe magulu otere.

Ine WITCH ndinaidziwira kwa amalume, amene anagwirako ntchito kumigodi. Pobwerera kumudzi ku Mchinji anatenga zimbale zingapo, ndipo china chinali Lazy Bones!! cha mu 1975. Chinali chokalikakalika, singano inkadumpha, koma tinkachimvera mpaka mabatire kutha. Sindinkaganiza kuti anthu a m'chimbalemo ali ndi miyendo ndi manja. Kwa ine anali mawu basi.

Ndinadzawaona nditakula, m'holo ina ku London. Chimene chinayamba kundigwira mtima ndi anthu amene anadzaza mmenemo. Ambiri anali achinyamata achizungu oti pamene nyimbozi zinkajambulidwa makolo awo anali akadali ana. Ankadziwa mawu. Ankadziwa pamene gitala alowere. Aafirika tinalimo owerengeka, ndipo tinkapatsana moni ndi maso.

Magetsi atazima anayamba ndi oimba zida. Pa kiyibodi panali Patrick Mwondela, amene analowa m'gululi pamene linkatembenukira ku disiko cha m'ma 1980. Pa besi panali Jacco Gardner wa ku Netherlands. Kenaka anatulukira mdala wa zaka zopitirira 70, atavala zamawangamawanga, kabelu kachitsulo kali m'manja. Sanayambe ndi malonje ataliatali. Anamenya kabeluko, ng'oma inayankha, gitala analira, ndipo mdala uja anadumpha. Ndikunena kudumpha kwenikweni, miyendo yonse m'mwamba.

Apa m'pamene pali kusiyana kwa chimbale ndi nsanja. Pa chimbale nyimbo imatha pamene inathera tsiku lojambula, ndipo mawa idzathera pomwepo. Usiku umenewo Jagari ankati akaona kuti anthu atenthedwa, ankangotembenukira kwa wang'oma, n'kukweza dzanja, nyimbo n'kupitirira. Ankaponya mawu kwa anthu, anthu n'kubweza, iye n'kuponyanso mokweza. Aliyense amene anakhalapo pabwalo la gule akuidziwa ntchito imeneyi, ya wotsogolera nyimbo ndi ovomera. Wagitala ankayang'ana miyendo ya mdalayo kuti adziwe kolowera. Penapake mawu a Jagari anasasa, sanafike pamwamba pomwe ankafika ali mnyamata, ndipo palibe amene anadandaula. Kusasako kunkatiuza kuti amene akuimbayo ndi munthu, ali pompano, ndipo akutipatsa mphamvu zomwe mawa adzadzuka alibe.

Ataimba Lazy Bones ndinalira. Sindinalire chifukwa cha amalume okha, amene anatisiya kale. Ndinkayang'ana pansanja n'kumawerenga amene palibe. Chris Mbewe, amene gitala wake ndinakulira, kulibe. Boidi Sinkala, wang'oma, kulibe. Mwa anyamata amene anayambitsa gululi watsala ndi Jagari yekha. Mtengo wa mkuwa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, anthu analibenso ndalama zogulira zimbale kapena kulowera kudansi. Boma linaika malamulo oletsa kuyenda usiku, ndipo gulu loimba lopanda usiku silingadye. Kenaka unabwera mliri wa Edzi, umene unasesa oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Jagari anasiya nsanja, anakakhala mphunzitsi, ndipo pambuyo pake anakalowa m'maenje kukumba miyala yamtengo wapatali.

Anakamufukula kumeneko ndi anthu akunja. Kampani ya ku America ya Now-Again Records inatulutsanso zimbale zakale zija. Gio Arlotta wa ku Italy anajambula filimu ya moyo wake, yomwe inatuluka mu 2019. Mu 2023 gululi linatulutsa chimbale chatsopano, Zango, patapita zaka pafupifupi 40 chitulukire chomaliza. Ndimawathokoza anthu amenewa ndi mtima wonse. Koma zimandipweteka kuti ndinachita kuwoloka nyanja kuti ndikaone munthu wa dziko loyandikana nalo, amene nyimbo zake zinkalira m'nyumba ya amalume.

Ndipo zimandipweteka kwambiri ndikaona zimene tikuzitcha mashoo masiku ano. Munthu walipira pakhomo, wadikira mpaka pakati pa usiku, kenaka woimba akwera pansanja ndi kafulashi m'thumba. Wapereka kwa DJ, nyimbo yayamba kulira ndi mawu ake omwe, iye n'kumangokuwirapo apa ndi apo kuti tikweze manja. Nyimbo yotere singatalike anthu akatenthedwa, singafupike anthu akatopa, singayankhe aliyense. Ndikudziwa chifukwa chake. Zida n'zodula, oimba asanu amafuna malipiro asanu, galimoto yonyamula zokuzira mawu imamwa mafuta, ndipo kuyeserera kumadya masabata. Wokonza shoo akawerengetsa amaona kuti kafulashi sikadya nsima. N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu a Black Missionaries (Mablakisi) a ku Chileka ndi a Alleluya Band a ku Balaka, amene kwa zaka zonsezi akhala akunyamula ng'oma ndi magitala kupita nazo kumene kuli anthu. Amene anavinapo Mablakisi akuimba m'bandakucha akudziwa zimene ndikunenazi, ngakhale kuti iwo amaimba rege.

Ku London kuja nyimbo yomaliza itatha anthu anakana kutuluka. Anaponda pansi mpaka gulu linabwerera. Jagari anali atanyowa thupi lonse, akupuma mwabefu, koma anatolanso kabelu kake. Pambali panga panali mayi wina wa ku Ndola amene anandiuza kuti analiona gululi ali mtsikana, atathawa pawindo makolo ali m'tulo. Anavina nsapato zili m'manja.

Mdalayu sadzadumpha mpaka kalekale. Inu okonza zoimbaimba ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunyanja, amene mumatha kuitanitsa oimba ochokera ku Lagos ndi ku Johannesburg, basi yonyamuka ku Lusaka m'mawa imadutsa pa Chipata ndi Mchinji n'kufika ku Lilongwe tsiku lomwelo. Kamuitaneni Jagari ndi gulu lake lonse, ng'oma ndi magitala omwe, ana athu amuone akadali ndi mawondo.