Matailosi onyezimira pakhonde? Ine ndikuti ayi

Amalume anga atamaliza kumanga nyumba, chinthu choyamba chomwe ankaonetsa alendo chinali khonde. Anaikapo matailosi oyera, osalala, onyezimira moti munthu umadziona nkhope. Tonse tinayamikira. Koma mu Januwale, mvula ili mkati, agogo anachokera kumunda ndi nsapato zonyowa, anangoponda kamodzi n'kugwa chagada. Anathyoka dzanja, ndipo anakhala masabata 6 ali ndi chikhakha.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa: malo olowera m'nyumba, pomwe timafikira ndi matope a dzinja, sasankhidwa ndi maso. Amasankhidwa ndi sayansi. Ku America ndi ku Canada nyumba zambiri zili ndi kachipinda kovulira nsapato ndi majekete onyowa, komwe amakatcha mudroom. Iwo amalimbana ndi chipale, ife timalimbana ndi matope kuyambira Novembala mpaka Epulo. Koma mafunso ndi amodzimodzi, ndipo alipo atatu.

Loyamba: kodi pansipo pamamwa madzi?

Zinthu zambiri zooneka zolimba zili ndi timabowo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Madzi amalowa m'timabowo timeneti ndipo amatha kukwera m'mwamba okha, monga momwe palafini amakwerera pa chingwe cha nyali. Mu Physics zimenezi amati capillary action. Njerwa yootcha imamwa madzi chonchi, simenti nayonso imamwa. Thabwa ndiye limachita kufufuma, chifukwa cellulose wa m'mtengo amakoka madzi, n'chifukwa chake chitseko chimavuta kutseka nthawi ya mvula. Ndiye matabwa, kapena zoyala pansi zopangidwa ndi utuchi wopanikiza, pakhonde ayi ndithu.

Matailosi nawo si ofanana. A porcelain amaotchedwa pa moto waukulu, pafupifupi madigiri 1,200, mpaka timabowo tambiri timatsekeka. Pa muyezo womwe opanga matailosi amatsatira, tailosi ya porcelain siyenera kumwa madzi opitirira 0.5 peresenti ya kulemera kwake. Koma matailosi ambiri opangidwira khoma amamwa opitirira 10 peresenti, ndipo salimba akamapondedwa. Kuwaika pansi chifukwa choti ndi otchipa n'kutaya ndalama basi.

Izi mukhoza kuziyesa nokha mu labu ya kusukulu. Tengani chibenthu cha tailosi, cha njerwa ndi cha simenti, zouma bwino. Ziyezeni pa sikelo, ziviikeni m'ndowa ya madzi tsiku lathunthu, zipukuteni, kenako muyezenso. Kulemera komwe kwaonjezerekako kugaweni ndi kulemera koyamba, muchulukitse ndi 100. Ngati sikelo palibe, tembenuzani tailosi mudonthezere madzi kumsana kwake. Dontho likalowa msanga, dziwani kuti tailosiyo ndi yakumwa.

Funso lachiwiri ndi lomwe linagwetsa agogo: kodi pakanyowa pamaterera?

Kuti munthu ayende pamafunika friction pakati pa phazi ndi pansi. Pamalo osalala kwambiri, madzi amayala kansalu kopyapyala pakati pa nsapato ndi tailosi, moti ziwirizi sizikhudzananso bwino. Phazi limakhala ngati likuyandama. Pamalo okhakhala, timapiri ting'onoting'ono timaboola kansalu ka madziko n'kugwira nsapato, pomwe madziwo amathawira m'timipata. N'chimodzimodzi ndi mizere ya pa tayala la galimoto. Tayala lokutha, losalala, ndi loopsa pamsewu wonyowa, eti? Nanga bwanji timagula "tayala lokutha" n'kuliyala pakhomo?

Apa ndisanamizire matailosi okha. Simenti yosalazidwa kwambiri n'kupakidwa polishi wofiira uja imaterera chimodzimodzi. Phula la m'polishi silisakanikirana ndi madzi, choncho madzi amangokhala pamwamba kudikira phazi lanu.

Lachitatu: kodi papirira mchenga?

Ambiri amaganiza kuti mdani wamkulu ndi madzi. Mdani wachete ndi mchenga womwe umabwera ndi matope. Mu 1812, Friedrich Mohs wa ku Germany anakonza mndandanda woyerekezera kulimba kwa miyala, kuyambira 1 mpaka 10. Chomwe chili pamwamba chimakala chomwe chili m'munsi. Quartz, yemwe amapezeka wambiri mumchenga, ali pa 7, pamene galasi wamba lili cha pa 5.5. Ndiye nsapato iliyonse yobwera ndi mchenga imakhala ngati sandipepala. Kunyezimira kuja kumayamba kuzimirira pomwe pamapondedwa kwambiri. Kapeti ya pulasitiki simwa madzi, zoona, koma ndi yofewa, imakalika n'kung'ambika, ndipo madzi akalowa kunsi kwake amabisala n'kuyambitsa nkhungu.

Ndiye tiike chiyani? Amene ali ndi ndalama agule porcelain wokhakhala, wosanyezimira, ndipo asaiwale kuti m'mizere ya pakati pa matailosi mumalowa madzi ngati simunamatidwe bwino. Koma ine mtima wanga uli pa simenti wamba yopangidwa mosamala, chifukwa mabanja ambiri angaikwanitse.

Mawu akuti "mosamala" ndi omwe ali ndi nkhani. Simenti siuma ngati chovala pa chingwe ayi. Imalimba chifukwa imachita reaction ndi madzi, yomwe mu Chemistry amati hydration. Madzi akathawa msanga ndi dzuwa, ntchitoyo imaimira panjira, ndipo pansipo pamayamba kufumbutuka ndi kung'aluka. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amathirira simenti kwa masiku osachepera 7, ndipo mainjiniya amayeza mphamvu ya konkire pakatha masiku 28. Kunsi kwake kuyalidwe pepala la pulasitiki lochindikala, kuti chinyezi cha m'nthaka chisakwere kudzera m'timabowo tija. Khonde litsetsereke pang'ono kulozera kunja, sentimita imodzi kapena ziwiri pa mita iliyonse, kuti madzi asadikhe. Pomaliza, simenti isanalimbe, adutsitsepo tsache kuti pakhale timizere togwira phazi.

Ndikudziwa zomwe mayi anga anganene: "Pokhakhala pamavuta kukolopa, iwe." Akunena zoona. Matope amakanirira m'timizere ndipo pamafunika bulashi, osati kansanza kokha. Enanso adzati simenti sioneka ya pamwamba. Sindikutsutsa. Koma ikani zinthu ziwirizi pa sikelo: mphindi zochepa zokwecha Loweruka lililonse, ndi masabata 6 a agogo osatha kugwira khasu pomwe chimanga chikufunika kupalira. Zonyezimirazo ikani pabalaza, pomwe anthu amafika atavula kale nsapato.

Mwina mukuti, ine ndili Fomu 3, za nyumba zindikhudza bwanji? Zikukhudzani. Kwanu akamakambirana zomanga, inu ndi amene munaphunzira friction. Funsani mwaulemu: "Bambo, tailosi imeneyi tainyowetsa kaye tione?" Ithireni madzi, muikhudze ndi chala. Chala chikatsetsereka, ndiye kuti phazi la agogo lidzatsetserekanso.

Amalume pano anayala chiguduli pamwamba pa matailosi awo okongola aja. Ndalama zonse zija, lero alendo amaona chiguduli.